Mphuno ya Jestina

Aliyense amene anaimikapo galimoto pa msika wa Linthipe zaka makumi atatu zapitazi akudziwa kuti a Alufeo Zikhalo sankapereka moni kwa munthu asanapereke moni kwa injini yake. Iwe ukutambasula dzanja mwaulemu, iwo ankangokudutsa n'kukatsegula boneti osapempha. Ankasolola kawaya koyezera oyilo, n'kukanunkhiza, n'kufikisa dontho pakati pa zala ziwiri, maso ali kumwamba ngati munthu amene akulawa mchere m'ndiwo. Akatha zonsezo m'pamene ankatembenuka.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Ana ali bwanji? Oyilo uyu munathira chaka cha njala."

Ukati ukwiye, iwo anali atalowa kale pansi pa galimoto yako, miyendo yokha ikuoneka. Anachitapo zimenezi kwa abusa, kwa apolisi apamsewu, ngakhalenso kwa mkwati wina amene ankathamangira ku Dedza. Mkwatiyo anafika kutchalitchi atachedwa ndi ola lathunthu, koma injini ikulira bwino.

Malamulo awo anali awiri okha. Loyamba linali lakuti oyilo amasintha ndi mwini galimoto. Munthu akatchula za galaja ankamufunsa kuti, "Kodi mumalemba waganyu woti azikutafunirani chimanga?" Lachiwiri, limene ankalilalikira kuposa Malemba, linali lakuti injini iyenera kupuma. Ankati m'mimba mwa injini, momwe mumakhala oyilo, mumasonkhana mpweya wotentha, ndipo mpweyawo uli ndi kapaipi kake kotulukira. Amakaniko ali ndi dzina lake la Chingerezi, koma a Zikhalo ankangoti mphuno. Mphunoyo ikatsekeka, mpweya umasowa njira n'kuyamba kukankha oyilo, ndipo oyiloyo amatulukira paliponse pamene pafewa.

Galimoto yawo inali pikapu yabuluu yokalamba, yonyamula kachewere ndi kabichi, ndipo dzina lake linali Jestina. Mphuno imene Jestina anabadwa nayo a Zikhalo anaiona kuti ndi yaifupi. Anailumikiza ndi paipi yothiririra m'dimba, n'kuidutsitsa pansi, n'kuikweza kumbuyo kwa kabini ataimanga ndi mphira ya chubu, kuti Jestina azipuma mpweya wakumtunda. Aliyense wokwera kumbuyo ankatsika akununkha ngati chigayo, koma a Zikhalo ankati ndi fungo la thanzi.

Amene ankavutika kwenikweni ndi nkhani imeneyi anali akazi awo, a Elena, mayi a Kenan. Mayi ameneyu salankhula zambiri, ndipo akamanga chitenje mwamphamvu umangodziwa kuti nkhani yatha. Iwo ankamutchula Jestina kuti "mkazi mnzanga," koma osati moseka. Beseni lawo latsopano losambira, limene analisamala sabata imodzi yokha, linasanduka lolandirira oyilo wakuda. Chigubu chawo cha thobwa anachipeza chitadulidwa pakati, chasanduka fanulo yothirira oyilo. Chitenje cha paukwati wawo chinathera pa ntchito yopukutira kawaya kaja.

"Bambo a Kenan, m'nyumba muno mwatsala chiyani chimene simunampatse?"

"Inuyo. Koma bwerani mudzandigwirire beseni."

Pakatha miyezi iwiri iliyonse, Loweruka m'mawa, mwambo unali womwewo. A Zikhalo ankayendetsa Jestina mpaka pamsewu n'kubwerera kuti oyilo atenthe, kenako ankamuimika chotang'adza ngalande ya kuseri kwa nyumba. Iwo ankagona chagada m'ngalandemo ndi sipanala, a Elena atanjuta pambali ndi beseni, nkhope ili kumbali. A Zikhalo ankamasula nati yapansi yotsekera oyilo kwinaku akulalikira, ngakhale panalibe amene wafunsa. Nati imamangidwa ndi dzanja kaye, sipanala imangobwera kudzatsimikizira, chifukwa nati si mdani wako. Kamphira ka fyuluta yatsopano uzikapaka oyilo ndi chala. Oyilo akasiya kuthamanga n'kuyamba kudontha, iwo ankatuluka n'kukhala pansi atatsamira tayala lakutsogolo, nati ili m'manja, kudikira.

"Watha oyiloyo, tsekani," a Elena ankatero.

"Dontho lomaliza silinagwe. Matenda onse amakhala m'dontho lomaliza."

Ankatha kudikira ola lathunthu, tiyi n'kuzizira. Nthawi imeneyo anthu apafupi ankakhala atafola ndi mabotolo, chifukwa oyilo wakuda wa Jestina ndi amene ankapaka mitengo ya nkhokwe kuti chiswe chisadye, ndiponso mateyala a ngolo kuti asalire.

Mbiri yawo inakula chifukwa cha chigayo cha a Juma, amene alinso ndi golosale pa Linthipe pomwepa. Injini ya chigayocho inayamba kutuluka oyilo mbali zonse. Amakaniko ochokera kutauni anabwera kawiri, n'kusintha timphira totchinga oyilo, koma sizinathandize. Ulendo wachitatu ananena kuti injiniyo yatha, igulidwe ina. A Zikhalo anafika osaitanidwa, atanyamula thumba la chimanga kuti pasakhale wowafunsa chimene abwerera.

"A Juma, mnzathuyu chimfine chinamuyamba liti?"

"Chimfine? A Zikhalo, amisiri a mapepala awo anena kuti yafa."

"Amisiriwo anamuyang'ana m'mphuno?"

"Injini ili ndi mphuno?"

"Nanga inu mumapumira m'thumba?"

Anapeza kuti mavu aja omanga ndi dothi anamanga nyumba m'kapaipimo, pa nthawi imene chigayo chinaima podikira lamba watsopano. Anatokosa ndi waya, kenako anaika mlomo n'kupemerera ndi mphamvu zonse, injini ili kulira. Injiniyo inawabwezera mwaye ndi oyilo wakuda kumaso konse. Atafika kunyumba agalu awo omwe anawauwa, ndipo a Elena anawazindikira ndi nsapato. Koma chigayo chija mpaka lero chikugaya. A Juma anawathokoza ndi chigubu cha oyilo watsopano, ndipo kuyambira pamenepo chigubu cha oyilo ndi chimene chinkakhala pa mpando wakutsogolo, pambali pa dalaivala. A Elena ankakwera kumbuyo ndi kabichi.

"Oyilo sagwirizana ndi dzuwa, mayi a Kenan."

"Nanga ine ndimagwirizana nalo?"

"Inu muli ndi duku."

Zaka zinapita, ndipo munthu amene ankatsegula mphuno za injini za dera lonse anayamba kubanika yekha. Thumba limodzi la kachewere linkawakhazika pansi. A Elena anamanga chitenje mwamphamvu, ndipo tsiku lomwelo a Zikhalo anapezeka ali kuchipatala. Namwino atatenga magazi, iwo anayang'anitsitsa kabotoloko n'kupukusa mutu.

"Anamwino, ameneyu wada. Zaka makumi asanu ndi awiri osasinthako. Kodi munthu alibe nati pansi yoti tingomasula?"

Namwino anaseka, koma dokotala sanaseke. Anawauza kuti mtima ndi chifuwa zatopa, asiye kunyamula matumba, asiyenso kugona pansi pozizira. A Zikhalo anangoti, "Ndamva. Mphuno yatsekeka." Pobwerera a Elena anakhala kutsogolo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, chigubu cha oyilo chili pamiyendo. Atafika pamene msewu wa ku Lobi umapatukira, a Zikhalo anaimika galimoto.

"Mayi a Kenan, msewu uwu mukuuona?"

"Ndauona zaka makumi anayi."

"Tsiku langa likadzakwana, mudzanditengere kwathu kuseri kwa Lobi, pafupi ndi mayi anga. Koma asadzandikweze pa lole ya eni. Jestina ndi amene adzandinyamule."

"Ndi mafupa akewa? Chikweza cha Mbwerera chija?"

Chikweza chimenecho, kwa amene simunafikeko, chili pa msewu wafumbi wopita kumudzi kwa a Zikhalo, ndipo dzinalo chinalipeza chifukwa cha magalimoto amene amatsika chambuyo asanafike pamwamba.

"Adzakwera. Bola oyilo akhale watsopano, mphuno ikhale yotsegula."

"Muuzeni yekha mkazi wanuyo. Ine sindiyankhulana naye."

"Ndikuuza inu chifukwa ndinu wamkulu pa mitala ino."

A Elena anayang'ana pawindo. Anali ndi mantha, ndiponso anali okwiya kuti munthuyu akukamba za imfa yake ngati akukamba za ulendo wa kumsika. Pomaliza anangoti, "Ndamva." Amene akuwadziwa a Elena akudziwa kuti mawu amenewo satuluka wamba pakamwa pawo.

Za dokotala zija a Zikhalo sanamvere. Loweruka lina la mu June, chifunga chitaphimba mapiri mpaka nkhuku kukana kutuluka, anatenthetsa Jestina n'kugona m'ngalande monga mwa masiku onse. A Elena anakangana nawo, kenako anawagwirira beseni, chifukwa akanapanda kutero munthuyu akanaligwira yekha. Oyilo atayamba kudontha, a Elena anapita kukatereka tiyi. Pobwera ndi kapu anawapeza atatsamira tayala, chipewa chitapendekera, nati ili m'manja. Anawaitana kawiri. Kenako anaika kapu pansi, anawatenga nati ija m'dzanja n'kuimanga pa mfundo ya chitenje, m'pamene anayamba kulira.

Dzuwa lisanapendeke, pakhomo panali patadzaza. Kenan, mwana wawo wamkulu amene amagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe, anafika n'kuyamba kulongosola zinthu. Anaona kuti Jestina waima pamalo abwino oimikapo tenti. A Elena anali m'nyumba ya siwa, pamphasa, atazunguliridwa ndi amayi. Pakati pa nyimbo ndi kulira konseko anamva chitseko cha Jestina chikulira, kenako makiyi. Amene analipo amati mayiyo analumpha miyendo ya amayi asanu ndi mmodzi osapondapo ndi umodzi womwe.

"Kenan, chotsa dzanja pamenepo."

"Amayi, tikungoisuntha pang'ono, tenti ikhale apa."

"M'mimba mwake mulibe kanthu. Ukangoliza, mawa tiika maliro awiri."

A Sungeni, mng'ono wawo wa malemu, anabwera mwaulemu. "Alamu, bwererani m'nyumba. Za galimoto zisakuvuteni, a Juma apereka lole yawo."

"Lole ya a Juma inyamula anthu. Mkulu wanu anyamulidwa ndi uyu."

"Ndiye ndiitane makaniko wanga amalize ntchitoyi," anatero a Juma.

"Zikomo, a Juma. Koma malemu ali moyo, makaniko sanamugwirepo Jestina. Lero mwini wake ali gone m'nyumbamu ndiye amugwire?"

A Anjelina, amene amatsogolera amayi a mpingo, anawagwira mkono. "Anzanga, namfedwa sagwira sipanala. Anthu anena chiyani?"

"Anena kuti munthu anasiya ntchito pakati, mkazi wake n'kuimaliza."

Anamanga chitenje mwamphamvu n'kutsikira m'ngalande. Kunena zoona, a Elena anali asanagwirepo sipanala m'moyo wawo, ndipo atagona chagada pamalo pomwe amuna awo anagona m'mawa womwewo, anali ndi mantha oti achita manyazi pamaso pa anthu onsewo. Koma ulaliki wa zaka makumi atatu unali utalowa m'makutu ngakhale nkhope inkakhala kumbali. Anamasula mfundo ya chitenje, anamanga nati ndi dzanja kaye, sipanala n'kubwera kudzatsimikizira. Anapaka kamphira ka fyuluta ndi chala. Anathira oyilo kudzera m'chigubu chawo cha thobwa chija, anasolola kawaya, kupukuta, kulowetsa, kusololanso. Kenako, osadziwa n'komwe kuti akutero, anakanunkhiza. A Juma anatembenukira kumbali n'kumapukuta m'maso ndi chisoti.

M'mawa mwake ulendo unayamba. Kenan anali pachiwongolero, a Elena pambali pake ndi chigubu cha oyilo wotsala pamiyendo, bokosi kumbuyo, amayi a mpingo atalizungulira ndi mabulauzi awo oyera. Lole ya a Juma inkatsatira pambuyo ndi khamu lonse.

Apa ndiyenera kuwaikira kumbuyo a Anjelina, chifukwa ambiri amawanena. Mayi ameneyu ndi waukhondo, ndipo bulauzi yawo inali yositidwa mpaka m'khwapa. Anakhala pafupi ndi kabini, ndipo mphuno ya Jestina inkawapumira paphewa. Anaona kadontho kakuda pa kolala ya mnzawo, kenako kena pa nsalu yofunda bokosi. Iwo anaona kuti ndi chipongwe kwa malemu. Anatola chitsononkho chimene chinatsalira pakona, n'kuchilowetsa m'paipimo, n'kuchikanikiza ndi chala chachikulu. Utsi unaleka, ndipo nyimbo inapitirira mokoma.

Pa tala ndi pa chigwa Jestina anapirira. Koma atayamba chikweza cha Mbwerera pa giya yoyamba, fungo la oyilo wopserera linalowa m'kabini, ndipo utsi unayamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Kenan anaponda mabuleki, amuna n'kulumpha pa lole kudzaika miyala kumateyala. Atatsegula boneti anapeza kawaya kaja katasololoka kokha, oyilo atamwazika paliponse. Pamwamba pa chikweza panali patakali kutali.

"Tayesetsa, alamu," anatero a Sungeni. "Adzukulu akudikira kumanda, dzuwa likupita. Timukweze pa lole."

Amuna anayi anali atagwira kale zogwirira bokosi. Kumbuyo wina ananong'ona mokweza dala kuti izi ndi zimene zimachitika mkazi akathira oyilo. A Elena anamva, ndipo zinawapweteka, chifukwa nawonso ankadzifunsa ngati sanalakwitse. Komabe anatsika.

"Bokosilo lisatsike."

Anagwada n'kukhudza nati yapansi. Inali youma. Fyuluta inali youma. Oyilo ankachokera kumtunda, mbali zonse, ndipo iwo anakumbukira tsiku lija agalu anauwa mbuye wawo.

"Kenan, liza."

"Amayi, tiipha."

"Liza, mwana wanga. Usaponde moto."

Injini inalira mobanika. A Elena anazungulira kuseri kwa kabini, anakweza dzanja n'kuliika pakamwa pa paipi ija. Panalibe mpweya ndi pang'ono pomwe. Anasuzumira n'kuona msonga ya chitsononkho.

"Ndani watseka mphuno?"

Amayi onse anayang'ana pansi. Kenako a Anjelina anayankha chapansipansi, "Imatidetsa, anzanga. Inkadetsanso nsalu ya pabokosi."

"Mwini bokosiyo anadetsedwa nayo zaka makumi atatu, sanadandaulepo."

Anachigwira ndi zikhadabo, anachipotoza, n'kuchizula. Jestina anayetsemula. Zonse zimene zinasonkhana m'paipimo kuchokera pa Linthipe zinatera a Anjelina kuyambira pa duku mpaka pa batani lomaliza. Anayamba kuseka ndi a Juma, atatseka pakamwa ndi chisoti, kenako a Sungeni, kenako amayi aja, misozi ya maliro ikadali m'masaya. A Anjelina anadziyang'ana, nawonso n'kuseka mpaka kutsamira bokosi. Sindinaonepo maliro oseketsa ngati amenewo, ndipo ndikudziwa kuti mwini wake akanawakonda.

A Elena okha ndi amene sanaseke. Anauza Kenan kuti azimitse, anadikira kuti oyilo atsike, anayeza, n'kuwonjezera wa m'chigubu chija mpaka pa mzere. Anapukuta injini ndi nsonga ya chitenje chawo cha maliro. Amuna anavula majekete n'kuima kumbuyo kuti akankhe.

"Asakankhe munthu. Mwini wake anati adzakwera."

A Elena anatseka boneti, n'kusiya dzanja pomwepo, ndipo amene tinali pafupi tinamva.

"Puma, mnzanga. Ine ndi iwe sitinayankhulanepo. Koma mwamunayu ndi wathu tonse, ndipo watsala pang'ono kufika. Timufikitse."

Miyala inachotsedwa. Jestina ananjenjemera, anabwerera m'mbuyo ngati phazi limodzi, kenako anagwira. Anakwera pang'onopang'ono moti okalamba ankayenda pambali pake osathamanga, mphuno ikutulutsa utsi wake momasuka pa mabulauzi onse, ndipo palibe amene anauthawa. Sanaime mpaka pa mitengo ya kumanda. A Zikhalo anagona pafupi ndi mayi awo dzuwa lisanalowe.

Pa Linthipe masiku ano ukaimika galimoto, anthu amakupatsa moni iweyo mwachindunji, ndipo umaona ngati wachepetsedwa. Madalaivala ena amatsegula okha boneti n'kumangoyang'ana, osadziwa chimene akufuna. A Juma amasuzumira m'mphuno ya chigayo m'mawa uliwonse asanachilize. Tonse tamusowa munthu uja, ngakhale amene tinkabisa magalimoto kuseri kwa golosale tikamuona akubwera.

Kenan anafuna kugulitsa Jestina, koma amayi ake anangomanga chitenje, nkhani n'kuthera pomwepo. Amayendetsa ndi a Sungeni tsopano, a Elena ali kutsogolo, chigubu chili pamiyendo. Pakatha miyezi iwiri iliyonse, Loweruka m'mawa, Jestina amaima chotang'adza ngalande, ndipo amene amagwira beseni ndi a Anjelina, atavala zakuda. Oyilo akayamba kudontha, a Elena amatuluka n'kukhala pansi atatsamira tayala lakutsogolo lija, nati ili m'manja.

"Watha, anzanga, tsekani," a Anjelina amatero.

"Dikirani. Lomaliza silinagwe."

Ife a mabotolo timaona kuti linagwa kalekale. Koma timangokhala pansi n'kudikira nawo.